Chiponde pa shelefu: lipoti la zokambirana za wopanga wamng'ono ndi sitolo yaikulu

Lipotili ndi la mayi wina wopanga chiponde mumzinda wa Lilongwe, amene ndinagwira naye ntchito m'chaka cha 2024 ngati mlangizi wa mabizinesi ang'onoang'ono. Dzina lawo ndi la sitolo imene ankakambirana nayo sinditchula. Ndizingoti amayi, ndipo mkulu woona zogula katundu ku sitoloko ndizingoti bwana wogula. Manambala ndawatenga m'kope la bizinesi la amayiwo, ndangochotsa timatambala kuti asavute kutsatira.

Amayiwa ali ndi makina amodzi ogayira, mphika waukulu wokazingira, antchito atatu okhazikika, ndi azimayi aganyu amene amabwera kudzasankha mtedza. Mtedzawo amagula ku Mchinji ndi ku Dowa nthawi yokolola, makamaka wa CG7 chifukwa uli ndi mafuta ambiri ndipo chiponde chake chimakhala chosalala. Mapepala anali nawo kale onse: bizinesi yolembetsa, TPIN (nambala ya wolipira msonkho) ya ku MRA, satifiketi ya Malawi Bureau of Standards, ndi barcode pa lebulo. Msika wawo unali magolosale ndi maokala a ku Kawale, Biwi, Area 25 ndi Likuni, kumene botolo la magalamu 400 ankalipikulitsa pa K3,000. Eni magolosale ena ankalipira pompo, ena ankatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba sabata isanathe. Botolo limodzi, kuwerengera mtedza, botolo lenilenilo, chivindikiro, lebulo, magetsi ndi malipiro a antchito, linkawadyera K2,300. Phindu linali K700.

Nthawiyo inali yowawa kwa aliyense wopanga zinthu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mabotolo apulasitiki ndi malebulo zinakwera mtengo usiku umodzi. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, kotero ngongole ya kubanki inali yodula, komanso kwa munthu wopanda chikole inali yosafikirika. Amayiwa mpamba ukachepa ankathamangira ku banki m'khonde ya kutchalitchi kwawo, kumene amakongoza pa 10 peresenti pamwezi. Komabe kusowa kwa ndalama zakunja kunali ndi mbali ina yokomera amayiwa: chiponde chochokera ku South Africa chinkasowasowa m'mashelefu, ndipo chikapezeka mtengo wake unali wothawitsa. Masitolo akuluakulu anayamba kufunafuna opanga a konkuno.

Zimene sitolo inalemba

Amayi anabwera kwa ine atanyamula mapepala a mgwirizano, nkhope ili ngwee. Sitoloyo, yomwe ili ndi nthambi m'mizinda ingapo, inali itavomera mtengo wa K3,000 osanenerera n'komwe. Chimene ankafuna kwa ine chinali chakuti ndiwathandize kupeza ngongole yogulira makina achiwiri, poti maoda ankayembekezeka kuchuluka. Ndinawapempha kuti tiyambe tawerenga masamba otsatira tsamba la mtengolo.

Pa tsamba lachiwiri panalembedwa kuti malipiro azibwera pakatha masiku 60 kuchokera pa sitetimenti ya kumapeto kwa mwezi. Mawu akuti sitetimenti ndi amene amapusitsa ambiri. Katundu woperekedwa pa 2 Juni amadikira kaye kuti Juni athe, ndiye masiku 60 aja n'kuyamba kuwerengedwa. Ndalama yake imafika kumapeto kwa Ogasiti. Tikaphatikiza katundu woperekedwa kumayambiriro ndi kumapeto kwa mwezi, kudikirako kumakwana miyezi iwiri ndi theka. Pa tsamba lomwelo panalinso ribeti ya 5 peresenti yodulidwa pa invoisi iliyonse, ndalama yolowera pa shelefu yolipiriratu, ndi mfundo yakuti katundu aliyense wosagulidwa, wowonongeka kapena wotha nthawi azibwezedwa kwa mwini wake ndipo mtengo wake uzidulidwa pa malipiro otsatira. Katundu azikasiyidwa pa nthambi iliyonse payokha, thiransipoti ya amayi. Mtengo usasinthe kwa miyezi 12. Pomaliza, amayi asagulitse chiponde chawo ku sitolo ina yaikulu iliyonse.

Tinatenga kope ndi cholembera n'kuyamba kuchotsa pa K700 uja. Ribeti inadya K150. Kutumiza makatoni ku nthambi zakutali pa basi, ndi kulipira wokatsitsa, kunkabwera pa K120 botolo lililonse. Za katundu wobwezedwa tinafunsa anzawo awiri amene ankaperekako kale zakudya za m'mabotolo. Malinga ndi zimene iwo anakumana nazo, tinayika botolo limodzi pa khumi alionse, kutanthauza K300 pa botolo lililonse loperekedwa. Pofika apa panatsala K130. Ndiye panabwera chachikulu chija: K2,300 yopangira botolo limodzi ikhala kunja miyezi iwiri ndi theka, ndipo kuti makina asaime amayi ayenera kuikongola ku banki m'khonde. Chiwongoladzanja chake ndi K575. Botolo lililonse lopita ku sitoloyo likanawaluzitsa K445, ndipo maoda akamachuluka ndi pamene dzenje likanakula. Pamwamba pa izi sitolo imadula 3 peresenti ya msonkho wa withholding n'kuipereka ku MRA. Ndalama imeneyi sitayika, imadzawerengedwa pa msonkho wa pachaka ngati wasunga masatifiketi ake, koma pa tsiku logula mtedza siikhala m'thumba.

Amayi anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndiye kuti sitolo yonse ija ndikhala ndikuikongoza ine, chiwongoladzanja n'kumalipiranso ine ndemwe?" Ndi mmene zinalili. Ine maganizo anga ndi akuti ogulitsa ang'onoang'ono ambiri amathera mphamvu zawo zonse pa kunenerera mtengo, chifukwa ndi umene anazolowera mumsika, pomwe bwana wogula amadziwa kuti mtengo akhoza kuulekerera n'kudzatenga zake zonse pa masiku olipirira ndi pa katundu wobwezedwa. Sikuti ndi kuba. Mapepala amenewa analembedwera makampani akuluakulu okhala ndi magalimoto awo ndi ovadirafiti ya kubanki, ndipo amangoperekedwa kwa aliyense chimodzimodzi.

Kukonzekera

Choyamba chinali kudziwa ngati masiku 60 aja ndi a aliyense. Ndinawauza amayi kuti apite m'mawa kukhomo lakumbuyo kwa sitoloyo, kumene malole amatsitsira katundu, akacheze ndi odikira pamzere. Pamalo amenewa pamakhala madalaivala, anyamata otsitsa makatoni, alimi a ndiwo zamasamba atanyamula makireti, aliyense ali ndi buku lake la deliveri m'manja kudikira kalaliki wolandira katundu kuti adinde chidindo. Anthu odikira amalankhula. Amayi anabwerako atamva kuti opereka mazira, buledi ndi masamba amalipidwa msanga kwambiri, ena pa sabata ziwiri. Ndiye kuti mu ofesi ya maakaunti munali kale gulu la olipidwa msanga. Ntchito yathu sinalinso yopempha sitolo kuti iphwanye lamulo lake, koma yopempha kuti amayi alembedwe m'gulu limene lilipo kale.

Chachiwiri chinali kumvetsa chimene chimasowetsa tulo bwana wogula. Iye mabwana ake amamufunsa za phindu la pa shelefu iliyonse ndi za mashelefu opanda kanthu. Opanga ang'onoang'ono ali ndi mbiri yoti amabweretsa katundu bwinobwino kuyambira Juni mpaka Novembala, koma mtedza ukasowa mu Januwale ndi Febuluwale amangozimiririka, foni osayankha. Dandaulo lina ndi la mafuta. Chiponde chosathira mankhwala chikakhalitsa mafuta ake amakwera pamwamba, ndipo botolo likagonekedwa chammbali m'katoni pamalo otentha mafutawo amatuluka pa chivindikiro n'kunyowetsa lebulo. Lebulo ikada, kasitomala satola botololo ngakhale za m'kati zili bwino. Amayi anatenga mabotolo awo angapo n'kuwagoneka padzuwa masiku ochepa kuti aone okha, ndipo ena anadonthadi. Anagula zomatira zonyezimira za pakamwa pa botolo, zimene zinawonjezera pang'ono pa mtengo wopangira koma zinatseka nkhaniyo. Anajambulanso matumba a mtedza amene anali atagula kale, ataunjikidwa pa mapaleti m'chipinda chouma kuopa chuku, kuti akaonetse kuti katundu wa nyengo yamvula alipo.

Chachitatu, tinalemba papepala malire atatu: zimene tipemphe poyamba, zimene tingavomere, ndi pamene tinyamuke n'kutsanzika. Pa masiku olipirira, kupempha 14, kuvomera 30, kukana chilichonse choposa apo. Kuti kukanako kukhale koona, amayi anayamba aonjezera magolosale ena atsopano ndipo anagwirizana ndi sukulu ina yogonera konko kuti azipereka chiponde cha m'ndowa. Munthu amene mawa alibe kogulitsa amasaina chilichonse, ndipo bwana wogula amamuzindikira akangolowa pakhomo.

Tinakambirananso za lamulo. Lamulo latsopano la Competition and Fair Trading linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024, ndipo mwa zina limaletsa ogula akuluakulu kugwiritsa ntchito mphamvu zawo popondereza owagulitsa katundu. Madandaulo amapita ku bungwe loona za lamuloli, la Competition and Fair Trading Commission (CFTC). Ndinawalangiza amayi kuti alidziwe koma asalitchule pa tebulo. Munthu amene ukufuna kuti azikugula katundu zaka zikubwerazi sumuyamba ndi kumuopseza, ndipo pa nthawiyo sitolo inali isanalakwe kanthu, inali itangopereka pepala. Nazonso za Buy Malawi, ndondomeko imene boma linakhazikitsa mu 2016, ndinati zikhale zokometsera chabe. Bwana wogula aliyense amavomera ndi mutu akamva zogula katundu wa m'dziko muno, koma sizisuntha tsiku la malipiro.

Tsiku la zokambirana

Tinagwirizana kuti olankhula akhale amayi. Ine ndinangokhala pambali ndi kope. Atapatsana moni, amayi anayika patebulo mabotolo awiri, lakale lija la lebulo yonyowa ndi latsopano lomata, n'kufotokoza okha vutolo bwanayo asanalitchule. Kenaka anaonetsa zithunzi za matumba a mtedza. Ndinaona bwana wogula akuwongoka pampando. Anali atazolowera anthu obwera kudzatamanda katundu wawo, osati obwera ndi mayankho a zimene iye amadandaula.

Atafika pa malipiro bwanayo anati, "Amayi, masapulaya athu onse ndi masiku 60. Ndi lamulo la kampani, ine sindingasinthe."

"Bwana, ine mtedza ndimagula kashi ku Mchinji. Mlimi sandidikira ngakhale tsiku limodzi. Pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndamva kuti a mazira ndi a masamba mumawalipira msanga. Ine ndikupempha kuti mundilembe m'gulu lomwelo, masiku 14."

Bwanayo anaseka pang'ono n'kufunsa kuti zimenezo anazimva kuti. Anati gulu limenelo ndi la zinthu zosachedwa kuwonongeka, chiponde sichilowamo. Apa ndi pamene amayi anatulutsa chimene tinakonza kuti tipereke. Anati ali okonzeka kutsitsa mtengo ndi K100, kufika pa K2,900, koma ukhale mtengo womaliza wopanda ribeti, ndipo malipiro awerengedwe kuchokera tsiku limene katundu walandiridwa, osati pa sitetimenti. Bwana wogula anatenga kakyuleta. Kwa iye mtengo wotsika umaoneka pompo pa phindu la shelefu, limene mabwana ake amayang'ana mwezi ndi mwezi, pomwe masiku olipirira ndi nkhawa ya a maakaunti. Tinkamupatsa chinthu cha m'thumba lake lenileni, n'kumupempha chinthu cha m'thumba la ofesi ina. Anati masiku 14 n'zosatheka, koma 30 akhoza kukawapempherera kwa mkulu wa zachuma.

Pa katundu wobwezedwa ndi pamene panavuta kwambiri, ndipo tinakhalitsapo. Iye ankati sitolo singasenze chiopsezo cha katundu amene sakudziwika ngati ayenda malonda. Amayi anayankha kuti botolo likakhala ndi vuto lochokera kwa iwo, monga kudontha kapena lebulo yolakwika, adzalisintha tsiku lomwelo osafunsa. Koma botolo logwetsedwa ndi wantchito wa sitolo kapena lophwanyidwa ndi kasitomala, mwini wake ndi sitolo, chifukwa kalaliki anadinda kuti analilandira lili bwino. Za lotha nthawi anati awadziwitse kutatsala miyezi iwiri kuti adzalitenge n'kukaligulitsa m'magolosale motsitsa, m'malo molibweza litatha kale ntchito. Bwanayo anafuna kudziwa chimene chingachitike chiponde chikangokhala osayenda. Ndi funso lachilungamo. Yankho la amayi linali lakuti ayambe ndi nthambi zitatu za mu Lilongwe zokha, makatoni ochepa pa sabata ziwiri zilizonse, iwo azibwera okha kudzaona shelefu, kupukuta mabotolo ndi kusuntha akale kuti akhale kutsogolo. Katundu akakhala wochepa pa shelefu, wobwezedwa sangachuluke. Izi zinachepetsanso thiransipoti, poti nthambi zitatuzo amafikako pa galimoto imodzi ya hayala m'mawa umodzi.

Mfundo yoletsa kugulitsa kwina amayi anangoikana poyera. Anati ngati sitolo ikufuna kuti chiponde chawo chizipezeka kwa iyo yokha, ilembe kuchuluka kwa makatoni amene izigula mwezi uliwonse ngakhale malonda atavuta. Bwana wogula sanaumirire. Anaikhwatcha yekha ndi cholembera. Ndikuganiza kuti mfundo imeneyi imangokhalamo kuti igwire amene sawerenga.

Zimene anasainirana

Patapita masabata angapo mgwirizano unabwera wokonzedwa. Mtengo K2,900 wopanda ribeti. Malipiro pa masiku 30 kuchokera tsiku lodindidwa pa pepala lolandirira katundu. Katundu wobwezedwa asapitirire mabotolo awiri pa 100 alionse, kupatula wokhala ndi vuto la kwa wopanga. M'malo mwa ndalama yolowera pa shelefu, amayi anapereka katoni imodzi yaulere pa nthambi iliyonse, zimene zinawadyera mtengo wopangira chabe. Pa kusintha mtengo sitinapeze zimene tinkafuna: tinapempha kuti amayi azitha kukweza atadziwitsa sitolo kutatsala masiku 14, koma sitolo inaima pa masiku 30, komanso osapitirira kawiri pachaka. Pulomoshoni inatsala yoti azikambirana nthawi iliyonse ikafika, osati yokakamiza.

Titawerengeranso, pa K700 panachoka K100 ya kutsitsa mtengo, K40 ya thiransipoti, K60 ya zobwezedwa, ndi K230 ya chiwongoladzanja cha mwezi umodzi. Panatsala K270, mtengo wa zomatira zija usanachotsedwe. Ndi phindu lochepa poyerekeza ndi la m'magolosale, ndipo ndinawauza amayi mosabisa kuti sitoloyo isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a malonda awo onse. Ubwino wake uli pa kuchuluka kwa katundu wopita malo amodzi, ndi pa dzina: eni magolosale ena amene kale ankakana anayamba kuoda ataona botololo pa shelefu ya sitolo yaikulu. Za makina achiwiri tinagwirizana kuti zidikire kaye.

Miyezi yotsatira

Invoisi yoyamba inachedwa ndi masabata awiri. Chifukwa chake sichinali chiwembu: dzina la pa invoisi linali la bizinesi pomwe akaunti ya kubanki imene amayi anapereka inali ya dzina lawo, ndipo a maakaunti anangoyika pepalalo pambali osauza aliyense. Amayi anatsegula akaunti ya bizinesi. Anaphunziranso kuti ofesiyo imatumiza malipiro pa masiku oikika pamwezi, kotero invoisi yofika mochedwa ndi tsiku limodzi imadikira ulendo wotsatira. Kuyambira pamenepo amapereka katundu moyang'ana masikuwo, ndipo sachoka pakhomo lakumbuyo lija chidindo ndi siginecha zisanakhale pa kope lawo. Pepalalo amalijambula pa foni pomwepo n'kulitumiza pa WhatsApp kwa kalaliki wa maakaunti, amene tsopano amadziwana naye bwino.

Mwezi wachitatu nthambi ina inadula mtengo wa katoni yathunthu pa malipiro, ati mabotolo anali ophwanyika. Amayi atapita anapeza kuti katoniyo inagwa m'chipinda chosungiramo katundu cha sitoloyo. Manijala wa nthambiyo mgwirizano watsopanowo anali asanauonepo. Ankatsata pepala lakale la aliyense. Amayi anamuonetsa tsamba losainidwa, bwana wogula anaimbira foni, ndipo ndalamayo inabwezedwa pa malipiro otsatira. Kuchokera apo amayenda ndi fotokope ya tsambalo m'chikwama, ndipo anasiya ina kwa manijala wa nthambi iliyonse.

Mayeso enieni anabwera nyengo yamvula. Mtedza wa m'nkhokwe unatha msanga kuposa mmene ankaganizira, chifukwa oda ya kusukulu ija inakula, ndipo anayenera kugula wina kwa mavenda pa mtengo wokwera. Analemba kalata yokweza mtengo, ataphatikiza malisiti a mtedza ndi a mabotolo. Sitolo inavomera theka la zimene anapempha, ndipo masiku 30 odikira aja anapereka katundu mopanda phindu lililonse. Sanadumphitse oda ngakhale imodzi, zimene bwana wogula anazitchula yekha pamene anakumananso. Masatifiketi a withholding nawo anavuta kuwatolera, mpaka amayi anayamba kuwafunsa pamodzi ndi malipiro alionse. Tsopano akukonza mapepala opempha ku MRA satifiketi yowachotsa pa kudulidwa msonkhowu.

Zotsala zilipo ziwiri. Chiponde cha amayi chikadali pa shelefu yapansi, pomwe za makampani akuluakulu zili poonekera, ndipo sitolo ikuti malo apamwamba ndi olipira. China n'chakuti bwana wogula wafunsa ngati amayi angamapange chiponde chomata lebulo ya sitoloyo, makatoni ochuluka koma pa mtengo wotsikirapo. Ndawalangiza kuti asayankhe mpaka sitolo italemba kuchuluka kwa makatoni a pamwezi, amene azilipira malebulo otsala mgwirizano ukatha, ndi ngati botolo la dzina lawo lidzakhalebe pa shelefu pambali pa la sitololo.